Nsupa ya Dzuwa ndi Mphuno ya Mai Sakhwi

Padangokhalatu, abale anga, ndipo amene ali ndi makutu avomere kuti tili limodzi. Iyi ndi yanga yoluka ndekha, simukaipeza kwa wina, tsono khalani bwino.

Panali mudzi wa nyama zokumba pansi, wolamulidwa ndi Mfumukazi Ngaka. Nyamazi zinali ndi zonse kupatula mchere. Mchere unali pansi penipeni pa dziko, m'phanga la Nsato, ndipo khomo la phangalo linali chimwala chimene chinkatseguka tsiku limodzi lokha pa mwezi. Dzuwa likatuluka chinkayasama, dzuwa likalowa chinkatseka, phi!

Panali pangano lakale pakati pa mudziwo ndi Nsato. Chimwala chikadali chotsegula, aliyense wolowa anali mlendo: atape mchere mmene angathere, Nsato asamukhudze. Koma wopezeka mkati chimwala chitatseka ankasanduka katundu wa Nsato. Nsato ameneyu sankadya tsiku ndi tsiku. Ankadya kamodzi pa miyezi itatu, koma akati adye ankadyadi.

Tsono pansi kulibe m'mawa, kulibe masana. Munthu angadziwe bwanji pamene dzuwa lafika? Mfumukazi anali ndi nsupa ya dzuwa, kansupa kofiira kokhala ndi nthanga khumi mkati. Dzuwa likasuntha phazi limodzi kumwamba, nsupa inkalavula nthanga imodzi, tyu! Kenako inkaimba kanyimbo kake kafupi, ka mawu a m'mphuno ngati a udzudzu, kouza woyenda kuti dzuwa latsetsereka, amange katundu aziona msana wa njira. Nthanga ya khumi ikatuluka ndiye kuti chimwala chatseka. Kutsika kunkadya nthanga ziwiri, kukwera zitatu. Nsupayi sinkagona pansi. Woinyamula akatsekeredwa, m'mawa mwake inkapezeka yokha pamwamba pa chimwala ikuothera dzuwa.

Mwezi woyamba Mfumukazi anatuma Kapitao Nungu. Womunyamulira thumba anali Bambo Sakhwi, munthu wofatsa, wa mphuno yaitali monga a mtundu wawo onse, bambo a Kamphuno.

Atafika pansi, Nsato anawalandira ndi manja awiri, ngakhale manjawo analibe.

"Takulandirani, Kapitao! Khalani pa mphasa. Mchere suthawa. Kumudzi kwacha bwanji? Amayi kunyumba? Nanga apongozi anu, msana uja unaleka?"

Nungu anayankha zonse mmodzimmodzi, mowa uli pakati. Nsato atayamba kufunsa za abale a kuchimuna, nsupa inalavula nthanga, tyu! Niyamba kuimba.

Nsato anadikira mpaka itamaliza, kenako anati, "Pepani, Kapitao. Kodi kwanuko tiana timayankhula akuluakulu ali pakamwa?"

Nungu anachita manyazi mpaka minga yake inagona. Anatenga phula natseka nalo kamwa la nsupa.

"Bwana, tisaitseke," ananong'ona Bambo Sakhwi.

"Iwe, unayamba liti kulangiza kapitao? Ntchito yako ndi thumba."

Anamwa, anacheza. Nungu akati atsanzike, Nsato amvekere, "Mungachoke bwanji mowa uli m'mphika? Mukufuna anthu azinena kuti Nsato anathamangitsa alendo?" Mphika utauma, anakwera ndi thumba lawo, koma anapeza chimwala chili phi. Nsato anabwera pang'onopang'ono pambuyo pawo.

"Pepani ndithu. Koma pangano mukulidziwa."

M'mawa mwake nsupa inapezeka pa chimwala, kukamwa kuli phula. Mai Sakhwi anathamangira kwa Mfumukazi.

"Mfumukazi, nditumeni ine mwezi wamawa. Amuna anga ali pansi."

Sajeni Chiuli, msilikali wamkulu wa mudziwo, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Inu mai a Kamphuno? Kumene walephera kapitao mukathe inu? Kachapeni matewera. Ndipita ine, ndipo nsupa sindiitseka ngati chitsiru chija."

Mwezi wachiwiri Chiuli anatsika yekha. Nsato anamulandira chimodzimodzi, koma ataona kuti uyu wa malonje aatali siwake, anatulutsa chisa cha uchi ndi bawo.

"Ndinamva kuti ku mudzi kwanu palibe wokugonjetsani pa bawo, Sajeni. Kapena ndi mphekesera chabe?"

"Ikani apa!" anatero Chiuli.

Nsato ankasewera ndi nsonga ya mchira, ndipo anamudya Chiuli pa bawo kawiri. Nsupa inkalavula, inkaimba, Chiuli akungonyambita uchi. Itatuluka nthanga ya chisanu ndi chiwiri, Nsato anati, "Nthawi yanu yakwanatu, Sajeni. Pitani. Mukawauze kumudzi kuti munadyedwa kawiri ndi munthu wopanda zala."

"Ndani apite? Taonani apa." Chiuli anatola nthanga zonse zimene zinali pansi nazibwezera mu nsupa. "Nthanga zikabwerera, dzuwa nalo labwerera. Panopa kumwamba ndi m'mawa. Yambani!"

"Ha! Ndakalamba chonchi, nzeru yotere sindinaionepo," anatero Nsato.

Chiuli anapambana masewero achitatu, nakwera akuimba mluzu. Chimwala anachipeza chili phi.

M'mawa mwake nsupa inapezeka pa chimwala, nthanga zili tho, zonse zomata uchi. Mudzi wonse unagwira njakata, pakuti mwezi wotsatira unali wachitatu, mwezi wa njala ya Nsato. Mfumukazi anafunsa amene angapite. Amuna onse anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

Mai Sakhwi anagwada. "Mfumukazi, ndifunseko. Kodi chimwala chikamatseka, pansi paja amamva?"

"Samva, ndi kutali."

"Nanga Nsato dzuwa amaliona?"

"Sanalionepo."

"Ndiye amadziwa bwanji kuti alendo ake atsekeredwa?"

Mfumukazi anaganiza. "Kaya. Mwina amaonera nsupa yathu yomweyi."

"Basi, ndipatseni nsupayo. Ndikhale nayo mwezi wonse."

Mwezi wonsewo anthu oyandikana ndi Mai Sakhwi sanapume. Dzuwa likasuntha, nsupa inkaimba. Ikangomaliza, kanyimbo komweko kankamvekanso, koma kokhota ngati ka munthu wa chimfine. Anali Mai Sakhwi, mphuno yawo yaitali ija ataipisa mu nsupa, akuphunzira kuimba ndi m'mphuno.

"Amayi, anzanga akuti mwapenga," anatero Kamphuno.

"Auze kuti ndamva. Tatseka maso. Waimba ndani tsopano, ine kapena nsupa?"

"Inu."

"Tiyambirenso."

Pofika tsiku la chimwala, ngakhale Kamphuno sankatha kusiyanitsa. Mkazi akaika mtima pa chinthu, ndikukuuzani ine, amachigwira mpaka chitheke.

Chimwala chitayasama, Mai Sakhwi analowa liwiro, nsupa ili kumsana ngati khanda. Tyu! Yoyamba. Tyu! Yachiwiri. Anafika.

"Odi, odi, eni kuno!"

"Lowani, lowani! Lero kwabwera mayi? Amuna atha kumudzi?"

"Amuna muli nawo ndinu, achimwene. Ine ndangobwera kudzatapa mchere ndi kudzaona nkhope ya bambo a Kamphuno. Ali kuti?"

Nsato analoza ndi mchira khola la miyala, chitseko chake chotsekedwa ndi mwala waukulu. "Tsiku la chimwala ndimawasunga umo, angasochere. Chikatseka ndimawatsegulira, aziyenda mmene afunira. Apita kuti nanga?"

"Zomveka," anatero Mai Sakhwi. Anakuwa cha ku khola, "Bambo a Kamphuno, muli moyo?"

"Ndilipo, mai a kwathu! Mwabweranji? Thawani!"

"Ndithawe osapatsa moni eni nyumba? Munandiona liti ndikuchita zimenezo?"

Anakhala pa mphasa. Nsato akafunsa za munthu mmodzi, Mai Sakhwi ankayankha za anthu anayi. Anafotokoza za chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo, za amene anavala chiyani, za amene anatukwana ndani. Mowa utabwera analandira ndi manja awiri. Nsato anakondwa. Mlendo wodzichedwetsa yekha chonchi anali asanamuonepo.

Tyu! Yachitatu. Nsupa inaimba.

"Kansupaka kamamva kuzizira pansi pano," anatero Mai Sakhwi. "Mundilole ndizikauzira mpweya." Anaika nsupa pa miyendo napisamo mphuno. Patangopita kanthawi, anakola nthanga imodzi ndi nsonga ya mphuno naiponya kunja, tyu! Naimba kanyimbo kaja ndi m'mphuno, pakamwa pali chitsekere.

Nsato anadzutsa mutu. "Lerotu dzuwa likuthamanga."

"Ndi nyengo yozizira, achimwene. Kumwamba masiku afupika. Munthu ukangochapa mbale, kwada."

"Oo, ndi choncho?"

Anapitiriza macheza. Nsupa inalavula yake yoona, inalavulanso ina. Mai Sakhwi anaponyanso yawo yabodza, naimba.

"Mawu ake asinthatu," anatero Nsato, lilime likutuluka ndi kulowa.

"Asasinthe bwanji? Wina anaitseka ndi phula, wina anaithira uchi. Inu atakuchitani zimenezo mungaimbe bwino?"

Nsato anaseka mpaka thupi lonse linagwedezeka. M'khola munamveka Chiuli akung'ung'udza.

Koma kachitatu zinavuta. Mai Sakhwi atangoponya nthanga yawo n'kuyamba kuimba, nsupa nayo inalavula yake, tyu! Mawu awiri anamveka pamodzi.

Nsato anasendera pafupi, maso ake ali pa nsupa. "Ziwiri nthawi imodzi?"

Mai Sakhwi anatulutsa mphuno, nayetsemula kawiri. "Mwaona? Yatenga chimfine, ndipo yandipatsirako. Ikutsokomola imeneyi. Ikamayandikira kumapeto imatero. Musayandikire kwambiri, achimwene, chimfine cha munthu wamtali ngati inu chimatenga chaka kuti chituluke."

Nsato anabwerera m'mbuyo msangamsanga.

Apa ndi pamene Mai Sakhwi anachita mantha enieni. Mowa unali utawafika m'mutu, ndipo nyimbo zoona ndi zabodza zinali zitasakanikirana. Dzuwa lenileni linali pati? Sankadziwanso. Mu nsupa munatsala nthanga imodzi yokha. Asanaganize chochita, nsupa inailavula, tyu! Niimba.

Nsato anawerenga zimene zinali pansi ndi nsonga ya mchira, kuphatikizapo ziwiri zimene zinagwera m'njira. "Zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, khumi. Pepani, mlongo wanga. Chimwala chatseka. Pangano mukulidziwa."

"Mayo ine! Mayo mwana wanga Kamphuno!" Mai Sakhwi anadzigwetsa pansi, anagubuduka, anadzimwaza mchere kumutu. "Pakamwa panga pandipha! Nditsegulireni amuna anga ndife nawo limodzi!"

Nsato anakankha mwala wa khola. Anatuluka Nungu, anatuluka Chiuli, anatuluka Bambo Sakhwi atanenepa ngati dzungu, pakuti Nsato ankawadyetsa bwino pa zifukwa zake.

"Taonani," anatero Chiuli. "Ndinanena ine kuti mukachape matewera."

Mai Sakhwi anamuponda phazi mwamphamvu, nagwada pamaso pa Nsato. "Achimwene, chinthu chimodzi chokha. Kwathu munthu amaliridwa pa khomo. Ife otilira tilibe. Tiloleni tikadzilire tokha pa chimwala, kenako mutidye. Nyama yosaliridwa imawawa."

"Imawawa?" Nsato anameza malovu. "Pitani mukalire. Koma ine chibadwire sindinalekepo mlendo kupita wosaperekezedwa. Tsogolani, ndili pambuyo."

Anayamba kukwera. Mai Sakhwi anakolowekana ndi amuna awo ngati ofooka ndi chisoni, nanong'ona, "Chimwala sichinatseke. Nthanga zina ndaponya ndine. Koma ndasokoneza, sindikudziwa kuti zoona zaimba zingati."

"Zisanu ndi ziwiri," anatero Bambo Sakhwi.

"Mwadziwa bwanji?"

"Zaka zonsezi ndikugona pafupi ndi mphuno imeneyo, ndingaisokoneze ndi nsupa? Zanu zinali zitatu. Yachiwiri munakhotetsa."

"Sindinakhotetse!"

"Munakhotetsa pang'ono."

"Zatsala zitatu, ndipo kukwera kumadya zitatu. Auzeni anzanuwo, atukule miyendo!"

Mawu anayenda kuchoka khutu ili kupita khutu lina. Minga ya Nungu inaimirira. Chiuli anatsegula pakamwa, Mai Sakhwi namupondanso phazi. Onse anayi anayamba kuthamanga akulira.

"Mwafulumiranji?" anafunsa Nsato kumbuyo. "Maliro amayenda chonchi?"

"Kwathu timalira tikuthamanga, achimwene! Misozi imatuluka bwino!"

Tsono nthanga ungazichotse, koma nyimbo ndi ya dzuwa. Mai Sakhwi anamva nsupa ikunjenjemera kumsana, kufuna kuimba ya chisanu ndi chitatu. "Lirani mokweza!" anakuwa, nayambitsa nyimbo ya maliro pa maimbidwe omwewo a nsupa. Nungu anapolokezana nawo, Bambo Sakhwi analowa pansi, Chiuli anabangula ngati ng'ombe yothyoka mwendo. Nsupa inaimba yake mkati mwa phokosolo, osamveka.

"Nyimbo yanu ikufanana ndi ya kansupa kaja," anatero Nsato.

"Ndi ya mudzi umodzi, achimwene!"

Anakwera, anakwera. Bambo Sakhwi anayamba kupuma wefuwefu, mafuta akuwalemera. Mai Sakhwi ankawakankha kumbuyo ndi mutu.

Kenako Nsato anati, "Taimani!"

Anaima. Akanatani, mutu wa Nsato uli pa zidendene zawo?

"Inu mwalira mokwanira. Mwini nyumba nayenso ayenera kupepesa anamfedwa. Khalani chete ndiyankhule." Anakonza kukhosi. "Abale anga, imfa ndi chinthu chowawa. Ine mtima wanga..."

Pomwepo, mu chete ameneyo, nsupa yopanda nthanga inatsegula kukhosi niimba ya chisanu ndi chinayi, momveka bwino, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mai Sakhwi mphuno yawo inali panja, aliyense akuiona.

Nsato anayang'ana nsupa. Anayang'ana mphuno. "Nsupa youma ikuimba?"

"Ndi malungo tsopano, achimwene," anatero Mai Sakhwi. "Thawani, anthuni!"

Liwiro lake! Chiuli, msilikali wamkulu, anali woyamba kutsogolo, osacheuka. Nungu anatsatira minga ili waa. Mai Sakhwi anagwira amuna awo pa khutu nawakoka. Kumbuyo Nsato ankabwera ngati madzi osefukira, ulemu wonse utathera pa mphasa.

"Pangano!" anakuwa Mai Sakhwi akuthamanga. "Chimwala chikadali chotsegula! Ndine mlendo!"

"Inu ndinu mlendo! Wonenepayo ndi wanga!"

Atakhota, anaona kuwala kofiira kutsogolo, ndipo chimwala chinali chitayamba kutsika. Chiuli anadutsa. Nungu anadutsa chokwawa, minga ikukhulika. Kunja kunamveka mudzi wonse ukukuwa, ndi mawu a Kamphuno pamwamba pa onse.

"Amayi! Ababa! Fulumirani!"

Bambo Sakhwi anapunthwa nagwa. "Ndisiyeni, mai a kwathu. Pitani kwa mwana."

"Ndinaimba mwezi wathunthu ngati wamisala kuti ndikusiyeni pano? Dzukani!"

Nsato anali atafika. Anayasama kukamwa konse, mpaka Mai Sakhwi anaona kumene amuna awo akanakagona. Anamasula nsupa kumsana, anaigwira ndi manja awiri.

"Achimwene, mlendo sachoka osasiya kanthu. Landirani!"

Anaiponya pakati penipeni pa mmero, khu! Nsato anatsamwa. Anapukusa mutu uku ndi uku, maso ali tong'o, nsupa osatsika osatuluka. Mai Sakhwi anagubuduza amuna awo ngati mtolo, nadzipanikiza pansi pa chimwala, natulukira kunja. Anagwira manja a amuna awo nakoka. Mimba ya Bambo Sakhwi inakanirira.

"Pumirani mkati!"

"Ndapumira!"

"Sajeni! Kapitao! Mukuonerera chiyani? Gwirani apa!"

Chiuli anagwira Mai Sakhwi m'chiuno, Nungu anagwira Chiuli, Kamphuno anagwira mwendo wa Nungu poopa minga, ngakhale Mfumukazi anataya ndodo yake nagwira nawo. Mkati muja nsupa inayamba kuimba ya khumi ili pa mmero pa Nsato, kanyimbo kaja kakutuluka m'mphuno za mwini phanga. Anakoka kamodzi. Anakoka kawiri. Kachitatu Bambo Sakhwi anatuluka, phu! Onse anagwa chagada mulu umodzi, ndipo chimwala chinati phi!

Nthungululu zake zinamveka mpaka midzi itatu.

"Nsupa yanga ili kuti?" anafunsa Mfumukazi akudzisasa fumbi.

"Muipeza mawa pa chimwala, Mfumukazi. Koma muitsuke kaye."

Chiuli anakonza chifuwa. "Kunena zoona, Mfumukazi, nzeru yolira tikuthamanga ija tinagwirizana tonse..."

"Sajeni," anatero Mfumukazi, "ndinakuonani mmene munatulukira. Kuyambira lero nsupa azinyamula ndi Mai Sakhwi, kapitao wathu watsopano. Inu ndi a Nungu muzinyamula matumba."

Koma Mai Sakhwi sankamva zimenezo. Anali atagwada pafupi ndi amuna awo, akuwapapasa mutu, makutu, nthiti, miyendo, ngati munthu wosankha nkhuku pa msika.

"Mwabwera athunthu, bambo a Kamphuno?"

Bambo Sakhwi anadziyang'ana kutsogolo, anadziyang'ana kumbuyo. "Pafupifupi. Nsonga ya mchira yatsala mkati. Chimwala chadula."

"Yaikulu bwanji?"

"Ngati njere ya mpunga."

Mai Sakhwi anapukuta misozi, nayandikira chimwala, naika pakamwa pa mng'alu.

"Achimwene! Takusiyirani ndiwo pa khomo apa! Muzidya pang'onopang'ono, ndi za miyezi itatu!"

Yanga yathera pomwepa. Amene anakwirira chinangwa pa phulusa athamange akachiphule, ine ndayankhula mokwanira.